Madzi alowa m'chipinda chapansi, katundu waonongeka: mafunso amene a Malawi ku UK amafunsa za inshuwalansi

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera mvula ikangovuta kuno, makamaka kwa anthu okhala m'ma basement flat ku London ndi m'nyumba zakale zija zokhala ndi cellar (chipinda chapansi chosungiramo katundu) ku Manchester, Leeds, Sheffield ndi Nottingham. Zambiri apa ndi za ku England, ku Scotland ndi Wales maina a maofesi ena amasiyana koma inshuwalansiyo imayenda chimodzimodzi.

Ndimachita lendi. Si landilodi amene akuyenera kundilipira katundu wanga?

Ayi, nthawi zambiri si iwo. Inshuwalansi ya nyumba kuno ili pawiri. Pali buildings, ya nyumbayo yeniyeni, makoma, denga, pansi, khitchini yomangirira, imeneyo ndi ya landilodi. Kenako pali contents, ya katundu amene mungamunyamule posamuka, bedi, TV, zovala, mapoto, laputopu, imeneyo mumadula nokha. Ngati nyumba munaipeza ili kale ndi sofa ndi filiji, zimenezo landilodi aziona yekha, koma zanu zimene munalowa nazo ayi ndithu.

Pamene landilodi angakhale ndi mlandu ndi pamene madzi alowa chifukwa cha iyeyo, mwachitsanzo munamuuza kangapo kuti dreni yatsekeka kapena pampu yochotsa madzi mu cellar yafa koma sanabwere kudzakonza. Apo mamesseji aja munkamutumizira asungeni, ndipo kafunseni ku Shelter kapena Citizens Advice, mabungwe opereka uphungu, salipiritsa.

Madzi angolowa kumene, ndiyambire pati?

Moyo kaye. Musatsike m'madzi ngati magetsi ali oyatsa, ndipo m'nyumba zambiri zakale mita ndi fuse box zimakhala mu cellar momwemo, ndiye ngati kuti muzimitse mpaka mutaponda m'madzi, zisiyeni, imbani 105, nambala ya a magetsi. Mukamva fungo la gasi tulukani muimbe 0800 111 999. Zamachenjezo a madzi osefukira ndi Floodline, 0345 988 1188. Ngati madzi akukwera muli mkati, 999 basi, m'basement madzi amadzaza mwachangu ndipo chitseko chikakankhidwa ndi madzi sichitseguka.

Zikakhala bata, foni m'manja. Jambulani vidiyo kuyambira pakhomo, muzilankhula tsiku ndi nthawi, muonetse pamene madzi akulowera. Lembani mzere pakhoma pomwe madzi anafika, chipinda chilichonse, mujambulenso. Valani magolovesi ndi majombo chifukwa madzi amenewa amasakanikira ndi za m'chimbudzi ndi mikodzo ya makoswe, ndipo mukayamba kutentha thupi kapena kutsegula m'mimba masiku otsatirawo imbani 111, nambala ya azachipatala a NHS, muwauze kuti munagwira madzi osefukira.

A inshuwalansi ndiwaimbire liti, ndipo ndikawauze chani?

Tsiku lomwelo ngati zingatheke, makampani ambiri ali ndi nambala yoimba usiku ndi usana. Musadikire kuti mpaka mutawerenga katundu yense. Ngakhale mapepala a policy anyowa, dzina lanu ndi postcode akupezani, komanso ambiri tinadula pa intaneti ndiye zili mu imelo.

Auzeni zimene mwaona basi, tsiku, nthawi, madzi analowera pati, afika pati. Ngati simukudziwa kumene madzi achokera nenani kuti simukudziwa, musaganizire, chifukwa mawu amene mwanena tsiku loyamba amalembedwa ndipo amakutsatirani mpaka mapeto. Musanadule foni tengani nambala ya kleimu, dzina la amene mwalankhula naye, ndipo funsani zinthu izi: excess yanu (ndalama imene amachotsa pa kleimu kuti mulipire nokha) ndi zingati, atumiza munthu liti, katundu woola muchite naye bwanji, ndipo ngati m'nyumba simungagonemo akulipirirani pogona kapena ayi. Mukatha lembani imelo yobwereza zomwe mwagwirizana. Ndikudziwa kuti munthu wachoka pa night shift, mutu uli waa, koma kaimelo kameneko kadzakuthandizani miyezi iwiri kutsogoloko mukadzapeza kuti amene akuyankha foni ndi wina.

Katundu wayamba kununkha. Nditaye?

Funso ili ndi limene ndimafuna aliyense alimvetse, chifukwa ndalama zambiri anthu amaluzira pamenepa. Ife tinaleredwa kuti m'nyumba mukada mumasesa, ndiye madzi akangophwera anzathu akutchalitchi amabwera ndi mtima wabwino, mabin bag m'manja, pofika madzulo zonse zili panja ndipo mawa lake lole ya khonsolo yanyamula. Kenako munthu wa inshuwalansi akubwera patatha sabata, akupeza chipinda chopanda kanthu chonunkhira bleach, inu mukuti munali TV ndi matiresi awiri, iye akuti zili kuti.

Musataye musanauzidwe. Tulutsani panja kapena pamalo ouma, mufunditse pepala la pulasitiki, zidikire. Zimene sizingadikire monga zakudya za mu filiji ndi firiza, tsegulani chitseko mujambule shelefu iliyonse, nkhuku, nsomba, nyemba, thumba la ufa lija, lembani pa pepala kenako mutaye. Kapeti dulani kachidutswa kokwana ngati chikhatho chachikulu pamodzi ndi underlay yake musunge m'jumbo, ndi pamene amaonera kuti inali ya mtengo wanji. Za magetsi zonse, washing machine, filiji, TV, jambulani kachikwangwani kakumbuyo kaja kolembedwa model ndi serial number, ndipo musaziyatse kuti muone ngati zikugwira. Matiresi ndi sofa zomwa madzi a m'suweji sizichapika, koma ngakhale zimenezo jambulani mbali zonse ndi lebulo yake, muwauze a inshuwalansi pa imelo kuti mukutaya chifukwa cha ukhondo, ana ali m'nyumba.

Mbali inayi, policy imafunanso kuti inu muteteze zimene zatsala. Zouma kwezani m'mwamba, tsegulani mawindo. Akabweretsa makina oumitsira, jambulani mita ya magetsi asanayatse ndi pomaliza, chifukwa makina amenewo amadya magetsi masabata angapo ndipo ndalamayo mutha kuiika pa kleimu.

Malisiti ndilibe, ena anyowa. Basi zathera pomwepo?

Sizinathe. Palibe munthu amasunga lisiti ya sipuni iliyonse ndipo a inshuwalansi amadziwa. Umboni ndi wambiri: bank statement, maimelo a Amazon, Argos, IKEA, eBay, mamesseji a pa Facebook Marketplace pamene munkanenerera mtengo, makatoni ndi timabuku ta malangizo. Fufuzaninso zithunzi zakale mufoni, chithunzi cha birthday ya mwana chimene kumbuyo kukuoneka TV ndi sofa ndi umboni wabwino zedi, komanso mavidiyo aja munkatumizira achibale pa WhatsApp kuwaonetsa nyumba yatsopano.

Ndandanda ya katundu lembani chipinda ndi chipinda, dzina la chinthu, mtundu wake, munagula liti, ndipo lero chikugulitsidwa zingati. Tinthu tating'ono musatisiye, nsapato za ana, yunifomu ya kuntchito, ma extension, mabulangete, masutikesi, zimakwana ndalama yambiri mukaphatikiza. Zogula kumudzi monga zitenje ndi zovala zosoketsa lembani mtengo wake m'mapaundi mwachilungamo, mufotokoze kuti munagula ku Malawi pamsika pomwe sapereka lisiti.

Katundu anali mu cellar, osati m'nyumba mwenimweni. Amawerengedwa?

Zimatengera policy yanu, ndiye tsegulani chikalata chija chachitali mupeze pomwe afotokoza tanthauzo la home. Makampani ambiri cellar ya nyumba yanu amaitenga ngati mbali ya nyumba, ena amaika malire a ndalama, ndipo ngati ndi sitolo ya pansi yogawana ndi anthu ena a mu block kapena mukukhala mu shared house, mwina policy ikungoteteza za m'chipinda chanu chokha. Ena amafunsa podula inshuwalansi ngati nyumba ili ndi basement, yankho limene munapereka pamenepo adzaliyang'ana.

Nkhani ina imene imatikhudza ife kwambiri ndi makatoni ndi madiramu odikira kontena. Ambiri timaunjika mu cellar chaka chathunthu, zovala, nsapato, mapoto, ma TV, kuti tidzatumize ku Lilongwe kapena ku Blantyre. Ngati ndi zanu kapena mphatso za achibale zimene mwagula ndi ndalama zanu, ndi katundu wanu ndithu, muikeni pa ndandanda. Koma ngati ndi zokagulitsa, a inshuwalansi amazitenga ngati katundu wa bizinesi ndipo contents wamba nthawi zambiri salipira. Chimodzimodzi katundu wa mnzanu amene munangomusungira, ameneyo funsani kaye musanamulembe. Galimoto ndi nkhani ya inshuwalansi ya galimoto, ndipo iyenera kukhala comprehensive, ija yoteteza ndi galimoto yanu yomwe.

Madzi sanachokere kumtsinje, anachita kutumphuka pansi, ena m'toileti. Imeneyo ndi flood?

Flood si mtsinje wokha. Mu July 2021, pa 12 ndi pa 25, mvula yamphamvu inagwa ku London, madreni analephera, ndipo ma basement flat ambiri ku Kensington, Maida Vale ndi madera ena anadzaza madzi osakanikira ndi a m'suweji popanda mtsinje uliwonse kusefukira. Zoterozo zimalowa pa flood m'ma policy ambiri. Paipi ikaphulika kapena washing machine ikataya madzi, imeneyo amaitcha escape of water, nayonso imalipiridwa koma excess yake imatha kusiyana.

Povuta ndi madzi otuluka m'nthaka pang'onopang'ono. Kampani imatha kunena kuti ndi chinyezi chakalekale, kapena kuti policy yawo sikhudza madzi a pansi pa nthaka akakwera. Apa mawu a mu policy ndi amene amalamula, koma dziwani kuti a Financial Ombudsman, ofesi yoweruza madandaulo a anthu pa makampani a inshuwalansi, amaona kuti flood siyofunika kuti ichite kubwera mwadzidzidzi ndi mkokomo, madzi oti aunjikana mpaka kudzaza pansi akhoza kukhala flood ngakhale analowa mwakachetechete. Ndiye akakukanani pachifukwa chimenechi musangovomera, onani funso la kukanidwa m'munsimu. Vidiyo ya tsiku loyamba ija ndi imene imaonetsa kuti anali madzi enieni oyenda, osati nkhungu ya pakhoma.

Ngati zatuluka m'suweji, imbiraninso kampani ya madzi ya dera lanu, kaya ndi Thames Water, Severn Trent, United Utilities kapena Yorkshire Water, alembe ndipo akupatseni nambala. Pali ndalama ina imene malamulo amati azipereka suweji yawo ikalowa m'nyumba.

Adzandipatsa ndalama yogulira zatsopano?

Ngati policy yanu ndi ya new for old, eya, amakugulirani chatsopano chofanana ndi chakalecho, osati chapamwamba kuposa. Koma zovala, zofunda ndi matawelo kawirikawiri amachotserako chifukwa chakutha. Ngati ndi ya indemnity, amalipira mtengo wa chinthucho monga chinalili, TV ya zaka zisanu ndi mtengo wa TV ya zaka zisanu.

Pa ndalama yonseyo amachotsa excess, ndipo nthawi zambiri imakhala pawiri, imene kampani inaika ndi imene munasankha nokha kuti premium, ndalama imene mumalipira podula inshuwalansi, itsike. Palinso malire a chinthu chimodzi, ambiri amaika pakati pa £1,500 ndi £2,000, ndiye mphete kapena laputopu yodula kuposa apo imafunika kuti munaitchula payokha podula. Ndalama za cash zosunga m'nyumba malire ake ndi ochepa kwambiri, a zipeleganyu dziwani zimenezi.

China chimene chimapweteka ndi kudula inshuwalansi yochepa. Tinene kuti munalembetsa £10,000 pomwe katundu yense m'nyumba ndi wa £20,000, makampani ena amati munateteza theka ndiye tikulipirani theka la kleimu, ngakhale zoonongekazo zikhale za £4,000 zokha. Komanso akakupatsani mwayi wosankha pakati pa voucher ndi cash, funsani kaye kuti cash ndi zingati, chifukwa amatha kukupatsani mtengo umene iwowo akanagulira kwa ogulitsa awo, womwe umakhala wotsikirapo. Ngati mwatsala opanda bedi ndi zovala pemphani interim payment, kandalama koyambira pamene kleimu ikuyenda.

Akuti atumiza loss adjuster. Ameneyu ndi ndani?

Ndi munthu wotumidwa ndi kulipidwa ndi kampani ya inshuwalansi kuti adzaone zimene zaonongeka ndi kuwerengera. Mulandireni bwino, muyende naye chipinda ndi chipinda, ndandanda yanu ili m'manja, ndipo ngati chizungu chothamanga chimakusokonezani itanani mnzanu akhalepo. Musasaine chimene simunawerenge.

Loss assessor ndi wina, ameneyo mumamulemba ndinu kuti akuimirireni ndipo amadyapo gawo la ndalama yanu. Pa kleimu yaing'ono ya katundu wa m'flat ine sindiona chifukwa chomulembera. Samalaninso ndi anthu ogogoda pakhomo madzi akangophwera, funsani ID ndipo muimbire kampani yanu kutsimikiza.

Madzi analowa ine ndili ku Malawi. Zisintha kanthu?

Zikhoza kusintha. Ma policy ambiri ali ndi lamulo la nyumba yokhala yopanda munthu, ena masiku 30, ena 60 otsatizana, ndipo mukapyola osawauza zinthu zina amasiya kuteteza, makamaka paipi yophulika ndi kuba. Amene mumapita ku holide ya December kapena kumaliro n'kukhalitsa, imbani musananyamuke. Ngati zachitika kale, nenani masiku enieni amene munachoka ndi kubwera, matikiti a ndege alipo ndipo akhoza kuwafunsa. Ngati wina wapabanja ankagonamo nenaninso.

M'nyumba simungagoneke. Ndipite kuti?

Ma contents policy ambiri ali ndi gawo la alternative accommodation, ndipo limakhala ndi malire ake. Musabuke hotela musanawafunse, ndipo malisiti onse sungani. Ochita lendi lankhulaninso ndi landilodi, molemba, za lendi ya masiku amene simukukhalamo, ndipo musangosiya kulipira panokha chifukwa zikhoza kukubweretserani mlandu wina. Ngati mulibiretu kolowera imbirani khonsolo ya dera lanu tsiku lomwelo.

Pasipoti ndi masatifiketi anyowa.

Pasipoti yonyowa musayendere, funsani ku Malawi High Commission ku London za kapezedwe ka ina, ndipo yonyowayo musataye. Visa yanu sinapite ndi madzi, masiku ano ili pa eVisa, koma mukalandira pasipoti yatsopano kaisintheni mu akaunti yanu ya UKVI, ofesi yoona za ma visa. Ma policy ena amabweza ndalama yopangitsira mapepala atsopano, funsani. Masatifiketi a MANEB ndi a kukoleji musawayanike pa radiator kapena kuwamatula mokakamiza, ayaleni pa thaulo louma, ndipo ngati amatana aikeni m'jumbo mu firiza kuti asachite nkhungu mpaka mutapeza wokuthandizani.

Kukleima kungasokoneze visa yanga? Nanga ndikawonjezerako pang'ono?

Kukleima sikusokoneza. Inshuwalansi ndi pangano la inu ndi kampani, munalipira ndalama zanu, si public funds (thandizo la ndalama za boma) ayi. Ndaona kuti anthu ambiri a care visa amaopa chilichonse chokhala ndi fomu, koma apa musaope, ndi ufulu wanu.

Kuwonjezera ndiye musayerekeze, chonde. Wina adzakuuzani kuti aliyense amatero, lembani TV ziwiri, koma lamulo la Insurance Act 2015 limalola kampani kukana kleimu yonse ikapeza bodza, ndi zoona zomwe zimapita limodzi, ngati nsomba imodzi yowola mu dengu. Dzina likhoza kulowa pa Insurance Fraud Register, kaundula wa anthu opezeka ndi chinyengo, kupeza inshuwalansi ina ngakhale ya galimoto kumavuta, ndipo ikafika kupolisi ndi mlandu wa fraud, chinyengo, umenewo ndiye ungakhudzedi mapepala anu.

Akana, kapena akungozengereza. Nditani?

Choyamba apempheni alembe chifukwa chake ndi ndime ya mu policy imene akutsamira. Kenako lembani dandaulo, ndipo mutchule mawu akuti formal complaint kuti nthawi iyambe kuwerengedwa. Kampani ili ndi masabata 8 kuti ikupatseni yankho lomaliza. Akapyola, kapena yankholo simunakhutire nalo, pitani ku Financial Ombudsman Service, ndi yaulere, simufunika loya, ndipo muli ndi miyezi 6 kuchokera tsiku la kalata yomalizayo. Chigamulo chomaliza cha Ombudsman mukachivomera, kampani imayenera kutsatira.

Ngati akunena kuti munanama podula policy, mwachitsanzo simunanene kuti malowo anasefukirapo, lamulo la 2012 la ogula inshuwalansi limati udindo wanu ndi kuyankha mosamala mafunso amene anakufunsani. Ngati sanafunse, kapena funsolo linali losamveka, kapena inu munalowa m'nyumbamo osadziwa mbiri yake, nenani zimenezo m'dandaulo. Mtengo woyamba umene akupatsani si womaliza, mukaona kuti wachepa atumizireni mitengo ya m'mashopu ya zinthu zofanana nazo.

Chaka chamawa sadzandikana kapena kukweza kwambiri?

Premium ikhoza kukwera, ndipo kleimu imalembedwa mu kaundula wa makleimu wotchedwa CUE kwa zaka 6, ndiye mukamadula kwina muyenera kuitchula akafunsa. Koma kuyambira April 2016 pali Flood Re, imene boma ndi makampani anakhazikitsa kuti anthu a m'malo osefukira azipezabe inshuwalansi yokwanitsika, ndipo ikuyembekezeka kutha mu 2039. Inu simudula kwa Flood Re mwachindunji, kampani yanu ndi imene imapititsa gawo la flood kumeneko, ndipo excess ya Flood Re ndi £250. Contents ya munthu wochita lendi imalowa nawo, koma nyumba zomangidwa kuyambira 1 January 2009 sizilowa. Kampani yanu ikakukanani yesani kwa broker, munthu wokusakirani inshuwalansi, a BIBA, bungwe la ma broker, amathandiza kupeza odziwa za nyumba zosefukira. Musanasaine lendi ya basement ina, lowani pa gov.uk muike postcode muone long term flood risk ya malowo.

Ndinalibe inshuwalansi iliyonse. Pali chimene ndingachite?

Kudula lero kuti mukleime za dzulo sikutheka, ndipo ndi fraud yomwe ija tanena. Koma fufuzani kaye, ena ali nayo osadziwa, ophunzira okhala m'ma hall a yunivesite nthawi zambiri imakhala kale mu lendi, ndipo akaunti zina za kubanki zolipira pamwezi zimateteza foni. Zithunzi ndi ndandanda konzanibe monga tafotokozera pamwambapa, chifukwa muzifuna ngati mlandu uli kwa landilodi kapena kampani ya madzi.

Kalembetseni ku khonsolo kuti nyumba yanu inalowa madzi. Pambuyo pa Storm Babet mu October 2023 ndi Storm Henk mu January 2024, boma linapereka kudzera m'makhonsolo a madera okhudzidwa kwambiri ku England £500 pa nyumba ndi kuchotsera council tax kwa miyezi yosachepera itatu, ndipo anthu ankapezeka kudzera m'kaundula wa khonsolo. Sizichitika pa mvula iliyonse. Ngati visa yanu yalembedwa no recourse to public funds, funsani ku Citizens Advice musanalandire thandizo lililonse la khonsolo, akuuzani limene mungatenge ndi limene muyenera kulisiya.